Ojambula Mphepo a ku Yofu

Atate anga anali munthu woseka. Ndayamba ndi mawu amenewa chifukwa mukanaona zithunzi zawo zakale mukananditsutsa. Ankaseka mutu uli chagada, mano awo awiri otsala ali pamtunda, dzanja likumenya ntchafu, mpaka nkhuku za pabwalo n'kubalalika. Anagwira ukalipentala pamishoni zaka zambiri, ndipo atapuma ankakhalira kukonza mabwato a anthu pansi pa mtengo wa mango kwathu ku Yofu. Wobwera ndi bwato lobooka ankabwerera nalo lili bwino, nthiti zikumuwawa ndi phwete.

Koma mungotchula kamera. Wojambula ankafika pachilumba pathu nyengo ya Khirisimasi, ndipo kwathu kujambulitsa inali nkhani yaikulu ngati kukaonekera kwa bishopu. Munthu ankasamba, kudzola mafuta, kubwereka nsapato, n'kukaima njo, manja m'mbali, pakamwa atatseka. Kuseka pachithunzi chinali chibwana. Atate ndiye ankaposa onse: jekete lakuda, tayi, buku la mapemphero pachifuwa, nkhope ili ndwii ngati akuzenga mlandu.

Nkhope imeneyo ndi imene inatsala pang'ono kutitayitsa mlongo wanga. Iye ndi wamkulu kwa ine, ndipo anachoka ali mnyamata. Atate ankafuna kuti akaphunzire za unsembe, iye ankafuna kutsatira amalume ku Bulawayo. Anakangana mwezi wathunthu. Tsiku la sitima, pamchenga pa Mbamba, anthu akumva, Atate anati, "Ukakwera sitima imeneyo, ine sindidzakusekereranso." Mlongo wanga anakwera.

Mkwiyo wa Atate sunathe n'chaka chomwe. Koma anali a mtundu uja wosadziwa polowera popepesa mwana. Chimene anapeza n'chakuti chaka chilichonse ankajambulitsa, n'kulemba kuseri kwa chithunzicho mawu awiri okha, "Atate wako," ine n'kukaponya kupositi. Kwa iwo imeneyo inali kalata yonse: taona, ndakuvalira jekete, ndakulemekeza. Tsiku lililonse la sitima ankanyamuka m'mawa kupita ku Mbamba, ati kukafuna misomali, n'kukaima pansi pa mlambe mpaka boti lomaliza lochokera kusitimayo litatsitsa anthu. Misomali sankabwera nayo.

Ine ndinkalemba makalata, kumuuza kuti Atate akumudikira. Yankho limene linandipweteka linafika zaka zija titangoyamba kuvotera zipani zambiri, mafoni a m'manja asanafike kwathu. Anati: "Mlongo wanga, iwe uli ndi mtima wabwino, umalemba zonditonthoza. Koma zithunzi ndili nazo zonse pano, ndaziyala patebulo. Nkhope ndi yomwe ija ya pamchenga. Chaka ndi chaka amanditumizira kuti ndisaiwale. Ndibwere kudzatani?"

Ndinawawerengera Atate kalatayo. Nditamaliza anati, "Tsono afuna ndisekere galasi? Ndine wamisala?" Khirisimasi yotsatira ndinawachonderera mpaka anavomera kumwetulira pang'ono. Chimene chinatuluka chinali nkhope ya munthu amene waluma ndimu. Chimenecho sindinatumize. Atate anali atayamba kutsokomola nthawi yozizira, miyendo ikutupa, ndipo ndinkadziwa ndithu kuti ndikapanda kupeza chithunzi cha Atate enieni, awiriwa adzaonana kumanda.

Nthawi imeneyo ndinkaphunzitsa sitandade 2 ku Chipyela. Kuchipatala cha komweko kunabwera anesi ena ochokera ku Limbe, mayi wamfupi, wachisilamu, wa mpango wobiriwira ndi pakamwa posatopa. Malemu amuna awo anali wojambula wa m'misewu ya m'tauni, ndipo anawasiyira kamera yakuda, yolemera, ya lamba wachikopa. Ankati anaphunzira poyenda nawo kumsika, kudepoti ya basi ndi m'makonde a masitolo, amuna awo akuloza, iwo akusuzumira. Atamva nkhani yanga pasikelo pamene ndinaperekeza mnzanga, sanandimvere chisoni n'komwe. Anangoti, "Loweruka m'mawa mubwere. Muvale nsapato zoyendera."

Ndinapeza aitananso aphunzitsi awiri aamuna a pasukulu pathu, anthu odziwika pachilumba chonse kuti nkhani siigona m'mimba mwawo. Ndinadabwa, koma sindinafunse.

"Lero tiyenda m'tauni," anatero anesi.

Tinaseka. Tauni yake iti? Mbamba ndi kamsika, timagolosale tingapo, ndi mchenga pamene maboti amakocheza. Galimoto za pachilumba chonse unkaziwerenga ndi dzanja limodzi, zala zina n'kutsala.

"Msewu ndi paliponse pamene anthu akudutsa ali ndi zawo m'mutu," anatero. "Tiyeni."

Anandikoleka kamera m'khosi, kundionetsa kagalasi kosuzumirapo, batani lodina ndi kachitsulo kokoka ukatha kudina. Titangotulukira pamsika, moyo wonse unaima. Mayi amene ankakangana ndi wogula usipa anasiya mkangano pakati n'kuyamba kupukuta nkhope ndi chitenje. Asodzi amene ankakoka bwato analisiya kuthamangira malaya. Bambo wina anati timudikire akatenge wailesi yake kunyumba, ndipo tinamudikiradi. Onse anandandalika, manja m'mbali, pakamwa tseke. Ine ndinali kudina, kukoka, kudina, mtima ukuti zatheka, ndine wojambula. Aphunzitsi anzanga nawo analandirana kamerayo mpaka dzuwa linafika pamutu.

Titakhala pamthunzi, anesi anatenga kamera, n'kutsekula kumbuyo kwake pamaso pathu. Munalibe kanthu. Mbee.

Ine ndili ndi mtima wapachala, ndipo sindibisa. Ndinaimirira. "Anesi, mwatiyendetsa dzuwa lonseli ndi chigoba? Anthu asiya ntchito zawo, ena abwereka ndi malaya omwe, inu mukudziwa kuti mulibe filimu?"

"Filimu ndili nayo imodzi," anayankha akukonza mpango wawo, osatekeseka. "Ina mpaka wina apite ku Mzuzu. Mumafuna tiithere pa zitsa? Tandiuzani, aphunzitsi, lero mwaona chiyani pakagalasipo?"

"Anthu."

"Akutani?"

Ndinaganiza. "Ataima."

"Ndiye achimwene anu mukanawatumizira chiyani? Jekete lina. Khalani pansi, mumwe madzi."

Aphunzitsi aamuna aja sanabwerenso. Koma ntchito anaigwira. Pofika Lamulungu, mapemphero asanathe n'komwe, chilumba chonse chinali chitadziwa kuti mwana wa akalipentala a ku Yofu akuyenda ndi kamera yopanda filimu. Bambo wa wailesi uja anandipeza pakhomo la tchalitchi n'kundifunsa mokweza ngati wailesi yake inatuluka bwino. Dzina linabadwa tsiku lomwelo: ojambula mphepo. Ndinapsa mtima mpaka makutu kulira, koma zinali zoona.

Kunyumba ndiye kunalibe pothawira. Ndikamalowa pabwalo, Atate ankaika kasemasema pansi n'kufunsa mwaulemu wonse, "Aphunzitsi, lero mwajambula mwera kapena mpoto?" Akatero ankaseka chikhakhali chija, mutu chagada, ine manja ali lende, kamera ili ku Chipyela m'kabati ya anesi. Zinkandiwawa koopsa. Chinthu chimene ndinkachifuna chinali pamaso panga tsiku lililonse, ndipo ndinalibe chochigwirira.

Loweruka lotsatira ndinapita ndi cholinga chokawauza anesi kuti ndasiya. Ndinawapeza atamanga kale nsapato. Sanandipatse mpata. "Lero ku Khuyu," anatero, n'kundikoleka chigoba chija m'khosi.

Kuphunzira kwenikweni kunayamba tsiku limenelo. Lamulo loyamba linali moni. Kwathu sudutsa munthu osamulonjera, ndipo ine ndinkaganiza kuti moni ndi umene umaononga chithunzi, chifukwa ukangolonjera munthu wadziwa kuti ulipo. Anesi anati ayi, wakuba yekha ndiye amajambula asanalonjere. "Moni uthe, nkhani ya odwala ithe, ya mvula ithe, akuiwaleni. Mukaona ayambanso ntchito yawo, kwezani kamera." Lachiwiri linali dzuwa, likhale kumbuyo kwa phewa lako. Lachitatu miyendo. Ndikaima patali n'kumasuzumira, ankandikankha pamsana. "Yandikirani. Kamera ilibe miyendo, miyendo ndi yanu."

Chimene chinkanditopetsa kwambiri chinali mafunso. Ndikangodina, ankaima n'kundifunsa, "Mwajambula chiyani?" Ndinkayenera kufotokoza chithunzi chimene kulibe, kuyambira ngodya ina mpaka ina.

"Mayi akuyanika usipa pathandala."

"Kumbuyo kwa mutu wawo kuli chiyani?"

"Sindinaone."

"Mtengo wa papaya wamera pamutu pawo. Mwawajambula ali ndi nyanga. Sunthani phazi limodzi kumanzere, muyambirenso."

Tsiku lina anandiimika pakanjira kopita ku Mbungo, pamene njira imapanikizika pakati pa miyala iwiri ikuluikulu, n'kunena kuti chithunzi chili pamenepo, changosowa munthu. Tinadikira nyerere zikutiluma. Ndinadandaula, ndinang'ung'udza, iwo akungotafuna mtedza. "Kuona maso a nkhono n'kudekha," anatero. Kenaka panatulukira mayi atasenza mtolo wa nkhuni zochokera kutsidya kwa nyanja, mtolo wautali moti anachita kupendekeka kuti udutse pakati pa miyalayo, dzanja limodzi lili m'mwamba. Chala changa chinadina chokha. Ndinatembenuka, ndipo anesi sanandifunse funso lawo lija. Chithunzi chimenecho sichinakhalepo papepala, koma mpaka lero ndikhoza kukuuzani mtundu wa chitenje cha mayiyo.

Masabata anapita, ndipo ndinayamba kuona chinthu chachilendo. Anthu analeka kuthawira malaya. Ku Mbamba mkangano wa usipa unkapitirira ine ndili pomwepo. Ku Mbungo amayi osinja chinangwa anandiuza osasiya n'komwe musi, "Jambulani mphepo yanuyo, aphunzitsi, ife tili pantchito." Asodzi osoka chilimira, khoka lalikulu lija, ankandiseka ulusi uli kukamwa. Ndani angasambe n'kudzola mafuta chifukwa cha chigoba? Ndinasanduka ngati mbuzi ya pamudzi, yodutsa pabwalo popanda woicheukira.

Pobwerera ndinawafunsa anesi ngati anadziwa kuti zidzatero.

"Nanga aamuna awiri aja ndinawaitanira chiyani?" anatero. "Ndinkafuna wailesi."

Ndinaima panjira n'kuseka mpaka misozi. Manyazi onse a masabata asanu ndi awiri anali mbali ya phunziro, ndipo mphunzitsi ine sindinazindikire.

Loweruka lachisanu ndi chitatu anandilowetsa m'chipinda chawo n'kutseka chitseko. Anatulutsa kabokosi kachikasu m'sutikesi. Asanaike filimu anandiyang'ana m'maso.

"Pali lamulo limodzi limene amuna anga sankaliphwanya. Chithunzi ndi cha mwini nkhope. Anthuwa akuganiza kuti mulibe kanthu, ndiye tili nawo ngongole ya choonadi. Zikabwera tidzayendanso njira yomweyi, aliyense kumupatsa chake m'manja, n'kumuuza zimene tinachita. Akakana, chathera pomwepo. Sichipita kwina kulikonse, ngakhale ku Bulawayo."

Ndinavomera msangamsanga, osaganiza n'komwe. Maso anga anali pakabokosi.

Kamera ya filimu imamveka mosiyana m'manja. Kachitsulo kokoka kaja kamalimba pang'ono, ngati kakukuuza kuti samala. Ine sindinasamale. Filimuyo inali ya zithunzi makumi atatu ndi zisanu ndi chimodzi, ndipo anesi anati ndisungire Atate zisanu. Koma m'mawa umenewo chilumba chinachita ngati chadziwa. Ku Mbamba chombo cha matanga chinali kutsitsa nsungwi, amuna ali m'madzi mpaka m'chiuno. Amayi awiri ovala zoyera za kutchalitchi ankakokerana nsomba imodzi. Nkhalamba zinali pa bawo, wina atagwira kumutu. Ndinadina ngati ndalodzedwa. Pamene tinkatsetsereka kulowa ku Yofu, anesi anasuzumira pa kawindo ka manambala n'kupukusa mutu. Zinatsala ziwiri.

Ndipo Atate tsiku limenelo sankaseka. Sitima inali itadutsa dzulo lake, iwo anapita kukafuna misomali yawo ija, n'kubwerako chimanjamanja. Tinawapeza pansi pa mango atavala malaya awo antchito ong'ambika paphewa, akupala thabwa lokhomera pabwato, nkhope ili pansi. Tinalonjerana. Anesi anakhala pamphuno ya bwatolo n'kuyamba kufunsa za matabwa, kuti mlombwa ndi mbawa wabwino ndi uti. Atate ankayankha mwachidule. Ndinadikira, dzuwa lili kumbuyo kwa phewa. Anesi ananena kanthu kena, ndinaona mlomo wa Atate ukugwedera, ndinadina. Nthawi yomweyo anali atawerama kutola msomali. Ndinajambula dazi.

Chinatsala chimodzi.

Ndinaona kuti nthambi ya mango ikuwamera pamutu, ndipo ndinakumbukira phunziro la papaya lija. Ndinasuntha phazi limodzi kumanzere, kenaka lina kumbuyo, diso lili pakagalasi. Kumbuyoko azakhali anga, amene tinkakhala nawo pakhomopo, anali ataika beseni lalikulu la chinangwa choviika, cha masiku anayi, chimene fungo lake limakupeza usanalowe pabwalo. Chidendene chinagunda m'mphepete mwake. Ndinakhalamo. Thii, madzi oyera onunkha aja mpaka m'makutu, miyendo m'mwamba, manja onse awiri atakweza kamera ya malemu kuti isanyowe.

Kenaka Atate anaphulika.

"Ogwira nsomba amagwera m'maji, tsono uyu wagwera m'chinangwa chifukwa cha mphepo!"

Mutu chagada, mano awiri pamtunda, chipalo chili m'dzanja limodzi, linalo likumenya ntchafu. Ine mkwiyo unali utafika kale pakamwa, mawu oipa ali okonzeka. Ndinamva anesi akunena motsitsa, osandiyang'ana n'komwe, "Tsopano." Ndili chikhalire m'besenimo ndinatsitsa kamera pankhope. Kuchokera pansipo nthambi ija inali itachoka pamutu pawo, kumbuyo kuli thambo lokha. Ndinadina. Kachitsulo kanakana kukokeka, filimu yatha.

"Yatuluka bwino mphepoyo?" anafunsa Atate akupukuta misozi.

"Tidzaona," ndinatero, chinangwa chikuyenderera m'miyendo.

Filimu inakwera sitima ndi mnzawo wa anesi wopita ku Mzuzu, ndipo tinadikira masabata atatu. Ndinaonda. Ndinkaganiza za dzanja langa lonyowa, za kunjenjemera, za otsuka zithunzi osasamala. Envulopu itafika tinaitsekulira pakhonde la anesi masana. Zambiri zinali zamanyazi: mitu yodulidwa, chala changa pangodya, dazi la Atate likuwala ngati mbale. Koma zina zinali zamoyo, moti unkamva phokoso la pamsika ukamaziyang'ana. Chomaliza anesi anachigwira nthawi yaitali asanandipatse.

Anali Atate. Osati a jekete aja, koma Atate anga, amene ndinakula nawo, khosi lonse lili poyera, maso atatsinzinika ndi chimwemwe, chipalo m'manja. Ndinalira pakhonde pomwepo, odwala akudutsa.

"Aphunzitsi," anatero anesi, "mwajambula."

Loweruka tinayenda ulendo wobweza. Sunali wophweka. Mayi wa usipa anatikalipira kuti tamujambula asanasambe, pakamwa pali yasa. Koma anzake atamuzungulira anachilanda n'kuchiyang'anitsitsa, kenaka anati, "Kani ndikamakangana ndimaoneka chonchi? N'chifukwa chake amandiopa." Anachikulunga pachitenje. Nkhalamba ya pa bawo inakana chake, inati chikuonetsa tsiku limene inagonja, ndipo tinaisiyira pamodzi ndi kachidutswa ka filimu kake kuti ichite nazo zimene ifuna. Bambo wa wailesi anadandaula kuti iye mulibemo.

Ku Yofu tinafika pomaliza. Ndinagwada n'kuwapatsa Atate chithunzi chawo ndi manja awiri, n'kuwauza zonse. Anachitalikitsa, anachiyandikitsa. Nkhope ya pamchenga ija inabwera, ndipo ulendo uno inali yeniyeni.

"Malaya ong'ambika," anatero. "Mano awiri. Pakamwa ngati ng'ona. Zaka zonsezi ndadzisungira ulemu, iwe wandivula pamaso pa anthu. Ichi ufuna chipite kwa mwana wanga? Akaonetse mkazi wake kuti awa ndiwo atate anga?"

"Atate, achimwene akufuna inuyo. Jekete alibe nalo ntchito."

"Ndakana."

Analowa nacho m'nyumba. Ndinayang'ana anesi, ndikuyembekeza kuti anena kanthu, poti pakamwa pawo sipankatopa. Anangotulutsa kachidutswa ka filimu ka chithunzicho m'chikwama, n'kundipatsa kuti ndikawapatsenso Atate. Panjira ndinawalalatira. Ndinati lamulo lawolo ndi la ku Limbe, kuno likupha munthu. Ndinati ndikanatha kutsukitsa china mwakachetechete, Atate osadziwa. Anandisiya ndilankhule mpaka mawu anandithera.

"Mukatumiza mwakuba," anatero, "achimwene anu adzabwera kudzapeza nkhope iti?"

Masiku asanu ine ndi Atate tinkangolonjerana basi. Ndinkawaona m'mawa atakhala kuseri kwa nyumba, buku la mapemphero lili pamwendo, koma maso sanali pa mapemphero. Azakhali anandinong'oneza kuti chithunzicho chili m'bukumo, ndipo anawapeza kawiri akuchiyang'ana, ulendo wachiwiri mapewa akugwedezeka, osadziwika ngati n'kuseka kapena kulira.

M'mawa wa tsiku la sitima ndinawapeza ataima pakhomo panga ndisanapite kusukulu. Anandipatsa chithunzicho osandiyang'ana.

"Positi atseka nthawi yanji?"

Ndinachitembenuza. Kuseri kunali zilembo zawo zija za pamishoni, zopendekeka bwino. Pamwamba analemba monga mwa nthawi zonse, "Atate wako." Pansi pake anawonjezera mzere umodzi: "Bwera msanga, mano atsala awiri."

Ndinathamanga kuchokera ku Yofu mpaka kupositi, ine mayi wamkulu wa ana kale, nsapato zili m'manja. Ana a sitandade 2 anadikira tsiku limenelo.

Yankho silinabwere pakalata. Patapita miyezi iwiri kunabwera uthenga wapakamwa ndi munthu wa ku Khuyu wochokera ku Bulawayo, wakuti tikadikire sitima ya sabata yomaliza Khirisimasi isanafike.

Tsikulo ndinadzuka n'kupeza Atate atavala kale. Jekete lakuda, tayi, nsapato zopolisha, buku pachifuwa. Ndinawapempha, ndinawakalipira, sanamve. Mwana wobwera patatha zaka zonsezi ungamulandire ndi malaya ong'ambika? Ku Mbamba anakaima pamchenga njo, manja m'mbali, ndipo chifukwa cha mantha nkhope inauma gwa. Inali ndendende ija ya pazithunzi zoyalidwa patebulo ku Bulawayo. Anesi anali pambali panga, ndipo anandikoleka kamera m'khosi.

Boti lachiwiri litakocheza, ndinamuona. Anali atanenepa, imvi zili m'mbali, buluku atapinda mpaka m'mawondo. Anatsika m'madzi chikwama chili paphewa, anayenda mapazi atatu, n'kuwaona Atate. Anaima pomwepo, madzi ali m'miyendo, anthu akumudutsa ndi mitolo. Wina anakuwa, "Tulukani m'maji, akulu!" Iye osasuntha. Atate nawo osasuntha. Ndinaona ndithu munthu akuganiza zobwerera m'boti.

Kenaka anapisa dzanja m'thumba la malaya, n'kutulutsa chithunzi chija, chitapindika kale m'ngodya. Anachikweza m'mwamba, kuchiyang'ana, kuyang'ana Atate, kuchiyang'ananso.

"Pepani, bambo a jekete," anatero mokweza. "Ine ndikufuna akalipentala awa. Mwawaonako kuno?"

Mlomo wa Atate unagwedera. Anayesa kuugwira, anakweza buku mpaka pachibwano, koma zinakanika. Mutu unapita chagada, mano awiri pamtunda, ndipo analowa m'madzi ndi nsapato zopolisha zomwe, tayi ili paphewa.

Dzuwa linali kumbuyo kwanga. Ndinayandikira ndi miyendo, mpaka madzi m'mawondo, n'kuyang'ana ngodya zonse zinayi monga anandiphunzitsira. Kumtunda bambo wa wailesi uja anakuwa, "Ojambula mphepo! Lero filimu ilimo?"

"Ilimo!" ndinayankha, ndipo ndinadina.